Kaseti ya Lumbani m'Minibasi ya ku Kawale

"Zimitsani kasetiyo, adalaiva! Munthu akuimba ngati wameza mchenga," anadandaula bambo wina m'minibasi ya ku Kawale.

"Ayi, isiyeni," anatero mtsikana wa kutsogolo. "Kusasa mawu kumeneko ndiye kumatiliza ife."

Keziah, mmodzi mwa okwera, anatchera khutu ku nyimboyo. Woimbayo, Lumbani, anali mwamuna wake.

Mayi ena achikulire amene anakhala ndi Keziah pampando anapukusa mutu. "Si luso limenelo, ana inu. Mwana wanga ankamveka chomwechi miyezi yake yomaliza. Mkazi wakenso sanachedwe kumutsatira." Kenako anacheukira Keziah. "Kapena ndikunama, mwananga?"

Keziah anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma mawu ake anatuluka atasasa. Mayi aja anamuyang'anitsitsa, n'kusendera pang'ono kuwindo.