Pasiwedi ya Pakhoma

Bessie Longwe anamatula kapepalako kachitatu sabata imeneyo, n'kukang'amba. Panalembedwa pasiwedi ya kompyuta ya pachipatala, m'zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale wodwala maso awerenge.

M'mawa mwake anapeza kena katamatidwa pomwepo.

"Ama Longwe, kuno timakhala pachibale," anatero a Peterson Mhone, mkulu wa kachipatala kapulayiveti ka ku Chinthecheko, uku akuseka. "Zokiyakiya munaphunzira ku Mzuzuzo zisiyeni komweko."

Miyezi itatu yokha pantchito, Bessie anali atachiona chibalecho. Namwino, mlonda, mayi wokolopa, onse ankalowa ndi pasiwedi imodzi. M'kompyutamo munali mayina mazanamazana a anthu olandira ma ARV, kuyambira ku Bandawe mpaka ku Kande. Msodzi wina anasiya kudzatenga mankhwala atamva matenda ake akukambidwa pamsika. Atamwalira, pachipatala anangoti ndi chifuniro cha Mulungu.

Bessie, kalaliki wamba, analembera eni chipatala makalata awiri odandaula. Yankho silinabwere. Anzake anamupatsa dzina loti Loko, ndipo akalowa pa tiyi, nkhani zinkathera pomwepo.

Lachinayi masana kunabwera a Wallace Chirwa, mkulu wa mpingo.

"Ada Mhone, pulinta yathu yafa. Ndithandizeni ndisindikize makadi a ukwati."

"Khalani pomwepo, ada. Pasiwedi ndi iyo pakhomapo."

Bessie anadzuka msangamsanga. "Pepani, ada, makinawa ndi a odwala. Bweretsani ndikusindikizireni ndine."

"Iwe, ukufuna kuchititsa manyazi akuluakulu?" anakalipa a Mhone. "Pita ukathandize kogawira mankhwala, mzere watalika."

Anapita. Anayamba kuwerengera odwala mapiritsi. Pazenera ankawaona a Chirwa atavala magalasi, ataweramira kompyuta. Pulinta inalira mpaka kutonthola, koma iwo sanadzuke. Chala chawo chinkatsika pagalasi la kompyutayo pang'onopang'ono, dzina ndi dzina. Kenako chinaima.

Anavula magalasi, n'kutembenukira kuzenera. Anamuyang'ana Bessie nthawi yaitali, ndipo anatuluka osatsanzika, makadi onse atawasiya pa pulinta.

Pamakadipo panali dzina la mwana wawo, Dingani, ndi la mkwatibwi amene wakhala akumwa ma ARV chibadwire: Bessie Longwe.