Mlendo wa Pakhomo la Holo

"Mayi, chithunzi ichi nditumizenso?" anafunsa wojambula, akuloza pakompyuta.

Mayiyo anawerama. Anangobwera kudzatenga zithunzi za ukwati wake wa Loweruka. Koma pulogalamu yosanja zithunzi potengera nkhope inali itatola chimodzi n'kuchiphatikiza ndi zakale, za ukwati wake woyamba, zomwe anajambula wojambula yemweyo.

Pachithunzipo panali mwamuna wake woyamba uja. Anasowa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, abale n'kumulira maliro opanda mtembo. Apa anaima pakhomo la holo, wowonda, chipewa kumanja, akuonerera mkwatibwi akuvina.

"Makinawa salakwitsa, achimwene?"

"Amalakwitsa. Koma chipsera cha pachipumicho, mayi."

Panja, mwamuna wake watsopano analiza hutala ya galimoto kawiri.

"Fufutani."

Mayiyo anafika pachitseko, n'kubwerera.

"Ayi, tachikulitsani kaye. Akulira kapena akumwetulira?"