Wogwira Makwerero

"Chitofu cha nkhuni, chumuni chotulutsira utsi ndi kuboola denga, zonse pamodzi mtengo wake ndi umenewo," anatero mmisiri ali pamwamba pa makwerero. Anali mtsikana, ndipo mwaye umene unali patsaya pake unkamukhala ngati zodzoladzola.

Mayi wa pakhomopo anadikira kuti mwamuna wake ayambe kudandaula. Munthu wonenerera ngakhale mtengo wa machesi! Koma lero bamboyo anangogwira makwerero ndi manja awiri, maso ali m'mwamba, akumwetulira ngati waona mwezi watsopano.

"Sizodula ayi," anatero bamboyo. "Kapena mukuti bwanji, amake mwana?"

Mtima wa mayiyo unawira. Chowawa chinali chakuti mtengowo unalidi wabwino. Amisiri aamuna amene anabwera poyamba anatchula wokwera kuposa apa, chumuni padera.

Mawu oti "mwadulitsa" anafika pamlomo pa mayiyo, otsekemera ngati uchi. Koma kuchipinda kozizira, kumene chitofucho chinkafunika, mwana wawo anatsokomolanso.

"Tavomera, achemwali," anatero mayiyo, akukankha mwamuna wake ndi chigongono. "Inu abambo, kawazeni nkhuni panja. Makwererowa ndigwira ndine mpaka chitofu chiyake."