Mboni ya Abwana

Abwana anakankhira lipoti lija pakati pa tebulo ngati mbale ya chakudya chosapsa.

"Izi sizipita kulikulu. Mukalembenso."

Mayi amene analemba lipotilo sanalitole. Likulu linamutuma ku bungwe lothandiza anthu kusiya mowa kuti akaone ngati maphunziro ake akusinthadi anthu. Ogwira ntchito pamalopo anamupatsa dzina loti Nasikelo, poti chilichonse ankafuna achiyeze kaye. Dzinalo analimva, ndipo ankavomera akamuitana.

Zimene anapeza zinali zowawa. Holo inkadzaza, zimenezo ayi sitingakane, mipando mpaka kuchita kubwereka. Anthu ankaimba, kumwa tiyi, kulandira masatifiketi. Koma Nasikelo sanabwerere mipando. Anawatsatira omaliza maphunziro kumakomo kwawo, nacheza ndi akazi awo, ana awo, ngakhale eni malo omwera. Kenako anayenderanso aja amene analembetsa koma malo anawathera, amene sanaphunzirepo ngakhale tsiku limodzi. Magulu awiriwo ankamwa chimodzimodzi. Kusiyana kwake kunali pepala lokongola lopachika pakhoma basi.

Ndiye abwana azimve zimenezo? Munthu woti zithunzi zake ali ndi alendo zadzaza khoma lonse la ofesi?

"Amene anakutumaniyo ndinaphunzira naye kalasi imodzi," anatero akugogoda tebulo ndi foni. "Ndikangomuimbira, mawa mudzuka mulibe ntchito."

Sanali kuopseza chabe, ndipo Nasikelo ankadziwa. Ntchitoyi anaipeza atatha nsapato poyendayenda m'maofesi, ndipo inali isanakhazikike n'komwe. Mantha anali nawo, tisaname. Koma anawabisa, nadzutsa mutu.

"Ndinakupemphani mundionetse mmene anthuwa ankamwera asanayambe kuphunzira. Munati simunawafunse. Nanga mudziwa bwanji kuti mwamusintha munthu amene simunamuone poyambira?"

"Anthu si manambala, mayi!" Abwana anatsegula chitseko n'kukuwira m'khonde. "Aitaneni akalipentala!"

Za akalipentalawa Nasikelo ankangomva, osadziwa kuti ndi ndani. Anali mboni ya bungwe, a m'gulu loyambirira, ndipo abwana ankawasunga ngati suti ya paukwati, yotulutsa pakabwera alendo pokha. Amati palibe mlendo anamvapo nkhani yawo n'kutuluka maso ali ouma.

Analowa bambo wachikulire wa jekete yotuwa, chipewa chili m'manja, akukoka mwendo umodzi pang'ono. Atangoona mayi wakhala patebuloyo anaima chilili pakhomo.

"Lowani, madala, musaope," anatero abwana akuseka. "Ameneyu amangoyeza, saluma. Muuzeni zonse."

Mkuluyo analankhula maso ali pansi. Anafotokoza mmene anagulitsira sowo, kenako hamala, kenako benchi yopalira matabwa, mpaka chitseko cha nyumba yake yomwe anachizula n'kukamwera. Ana ake akamva nyimbo yake ikubwera ndi msewu ankathawira kunsi kwa bedi. Mkazi wake anadwala nthawi yaitali, iye osadziwa ngakhale wodi imene anagonekedwa. Lero mowa saulawa. Ngakhale fungo lake limamuchititsa nseru.

Munalibe bodza m'mawu amenewo, aliyense akanatha kumva. Ogwira ntchito amene anaunjikana pawindo anayamba kufwenthera. Koma Nasikelo, aa! Cholembera chili gone patebulo, iye ali duu, nkhope osagwedeza. Wina pawindopo ananong'ona mokweza dala kuti mayi ameneyu alibe mtima, ndipo anzake anavomereza.

"Ndipo zonsezi ndi chifukwa cha maphunziro athu," abwana anamalizitsa okha, monga ankachitira masiku onse. "Si choncho, madala?"

Mkuluyo anangotembenuza chipewa m'manja.

"Mwadzimvera nokha. Lembani."

"Sindilemba."

"Mwati bwanji?"

"Nkhani ya munthu mmodzi siingafufute zimene ndaona m'makomo onse aja. Kuli azimayi kunja kuno amene akudikira kuti amuna awo asinthe chifukwa inu munawalonjeza. Ine ndiwanamize kachiwiri? Maphunzirowa akonzedwe, ndi zimene ndalemba, ndipo lipoti lipita mmene lilili."

Apa ndiye abwana analusa zenizeni. Anaimirira, mpando n'kugwera kumbuyo, misempha ya m'khosi ili tolotolo.

"Anthu a m'maofesi inu mumanyansa! Mwakula mukumwa tiyi wamkaka, lero mubwere mudzanyoze misozi ya munthu wamkulu ngati uyu? Munayamba mwagonapo nyumba imodzi ndi chidakwa inu? Mukudziwa chimene chimamusiyitsa munthu mowa?"

Nasikelo anadzuka. Ananyamula mpando wake, nauika kumbuyo kwa mkulu uja, amene nthawi yonseyi palibe anamuuza kuti akhale.

"Khalani pansi, ababa, mwaima nthawi yaitali."

Atatero anatembenukira kwa abwana.

"Ndikudziwa bwino. Bambo angawa anasiya mowa tsiku limene tinaika amayi m'manda, bungwe lanuli musanaliganize n'komwe."