Kolala Yoyera ya Khwangwala

Padangokhala, kuseri kwa nkhokwe uko, Khonsolo ya Nkhuku idatopa ndi Kabawi, mbalame yolusa imene inkawakha anapiye masanasana. Tambala, tcheyamani wa khonsoloyo, adati, "Timusumire ameneyu. Tipeze loya."

Adasankha Khwangwala. Palibe adamufunsa kuti adapambanapo mlandu uti. Adangoona mkanjo wakuda ndi kolala yoyera, basi mitima pansi.

"Bwana Tcheyamani, mlandu wophweka uwu," adatero Khwangwala. "Koma khoti limafuna umboni. Ndipatseni mazira, woweruza aone chimene mukuteteza."

Thadzi adapereka mazira ake mtima ukuwawa. Kukhoti Khwangwala adaimirira, adakonza kolala, n'kupempha kuti mlandu usunthidwe chifukwa sadakonzeke. Ulendo winawo loya wa Kabawi, yemwenso adali khwangwala, ndiye adadwala mutu. Ulendo uliwonse loya wa nkhuku uja ankafuna mazira atsopano, ati akale aja akusungidwa ku ofesi.

Tsiku lina Thadzi adaona maloya awiriwo ali pa nthambi imodzi, akuseka, akupukuta milomo yachikasu. Atauza Tambala, iye adamukalipira: "Mayi, za malamulo simungazimve inu!"

Mvula itadutsa, Khwangwala adabwera akunyang'wa. "Tapambana! Khoti laletsa Kabawi kukhudza mwanapiye aliyense m'mudzi muno."

Tambala adakwera pamtondo n'kulira mokondwa. Thadzi adayang'ana zisa zopanda kanthu.

"Mwanapiye wake uti, bambo?"

Khwangwala adakonzanso kolala. "Funso labwino, mayi, koma umenewo ndi mlandu wina. Mawa mubwere ndi mazira."