Chithunzi Chimene Chinaleka Kusintha

Panali munthu wina mumzinda wa Bat Yam, dzina lake Eldad, mwana woyamba wa a Nisim ndi a Mazal. Bambo akewo anali atayamba kuiwala: mayina a zidzukulu, njira ya ku sunagoge, nthawi zina ngakhale nkhope ya mkazi wawo. Koma chinthu chimodzi sanachiiwale. Pakhoma la pabalaza panali chithunzi chosindikizidwa cha wojambula wina wa dziko lomwelo, chokutidwa ndi galasi la timizere, chimene chimasintha munthu akamayenda. Ukaima kumanja unkaona mabwalo ozungulira a mitundumitundu; pofika kumanzere, mabwalowo anali atasanduka choikapo nyale cha nthambi zisanu ndi ziwiri. M'mawa uliwonse a Nisim ankadutsa pamenepo, chithunzi n'kusintha, iwo n'kudziwa kuti ali kwawo.

Tsiku lina Eldad anakumana ndi mlendo wolankhula mofatsa pamalo omwera khofi. Mlendoyo anati amakonza zithunzi zotere, ndipo ataonetsedwa chawocho pafoni, anati galasi lake lada, liyenera kutsukidwa. Eldad atakawauza kunyumba, a Mazal anakana.

"Mwananga, chimenecho si chokongoletsa khoma. Ndi khomo la bambo ako."

"Amayi, inu mumakayikira ngakhale wobweretsa makalata," anatero Eldad akuseka.

Makolo ake ali ku chipatala, iye anachichotsa n'kuchipereka kwa mlendoyo. A Mazal ataona khoma lopanda kanthu sanakalipe. Anangomupempha kuti chikamabwera asachilandire ataima, koma ayende kutsogolo kwake.

Mlendoyo anachibweza Lachisanu madzulo, pansi pa masitepe, akunena kuti akufulumira Sabata lisanayambe. Eldad anaima patsogolo pa chithunzicho, naona mitundu ikuwala kuposa kale. Anathokoza, nakwera, nachipachika.

A Nisim anadutsa. Anabwerera, nadutsanso. Mabwalo anangokhala mabwalo, pakuti linali pepala wamba m'galasi wamba. Anayang'ana mkazi wawo nati, "Pepani mayi, ndalowa m'nyumba ya eni." A Mazal anayesa kuti mtima wa amuna awo ukhazikika pa chakudya. Anayatsa makandulo a Sabata, naphimba maso ndi manja kuti anene dalitso, monga mwa mwambo. Potsegula maso, chitseko chinali pululu, a Nisim atatuluka.

Eldad anathamanga msewu ndi msewu akuitana. Mabasi anali ataima, masitolo atatsekedwa, foni ya mlendo uja yosapezeka. Amuna a ku sunagoge anasiya mapemphero n'kubalalika m'mizere ya nyumba, pakuti moyo wa munthu umaposa Sabata. Eldad anagogoda pa zitseko za anthu osawadziwa, akulira ngati mwana.

Anawapeza mawa lake masana, atakhala pa masitepe a nyumba ina, milomo itauma, bondo likutuluka magazi. Mulungu wamoyo anawasunga, dzina lake lidalitsike. Koma atafika nawo pakhomo, a Nisim anakana kulowa, ndipo sanalowenso. Lero amakhala ku nyumba yosungira okalamba. Eldad wazungulira masitolo onse a zithunzi ku Yafo, mzinda woyandikana ndi kwawo, akuyenda uku ndi uku patsogolo pa chithunzi chilichonse, koma chawo sanachipeze. Akapita kukawaona, a Nisim amamugwira dzanja mwaulemu nafunsa, "Bambo, kodi mungandiperekeze kwathu?"

Phunziro: Chonyenga chimakonzedwa kuti chikhutiritse woyang'ana ataima pamalo amodzi. Musapereke kwa mlendo chinthu chimene moyo wa mnzanu watsamirapo, ndipo kholo likakuuzani kuti yendani, yendani. Tumizani nkhaniyi kwa onse amene akusamalira makolo okalamba.