Mbendera Yakanirira Pakati

Chingwe chinangoti gwa, mbendera ili pakati pa mlongoti.

Ahedi anakokanso, koma sinakwere. Anayesa kubweza, sinatsike. Ana pamzere anali atamaliza nyimbo, akungoyang'ana kumwamba kukamwa kuli yasa.

"Amayi, kalata ija ya malamulo a mbendera," ananong'ona achiwiri awo. "Akuti osaimika pakati popanda chilolezo cha kulikulu."

"Ndiye dulani chingwecho itsike."

"Akutinso osatsitsa dzuwa lisanalowe."

"Nanga nditani ine? Ndikwere mlongotiwu?"

Kawilo ka pamwambapo kanali ndi khalidwe lake, ndipo zaka zonsezi amene ankadziwa kukanyengerera ndi mlonda wa pasukulupo yekha. Anali ataikidwa m'manda dzulo lake.

Pageti panaima mkazi wa mlondayo, atabwera kudzabweza makiyi. Anakweza maso, n'kugwira pachifuwa.

"Mwawalemekeza chonchi bambo a kwathu? Zikomo, amayi."

Achiwiri aja anatsegula pakamwa kuti alongosole. Ahedi anawaponda phazi. Ngati anali ataphwanya lamulo, sankadziwa kuti ndi lamulo liti. Anamangirira chingwe pamlongoti, mfundo ziwiri.

"Ana inu, lowani m'kalasi."